Muyeso Wodzera mwa Ankhoswe

Lolemba

Kamvuluvulu akadali pa njerwa zake kuseri kwa nyumba, pansi pa mpapaya. Ndamupukuta fumbi ndisanapite ku ntchito. Ndamuuza kuti sabata ino ayenda, afune asafune.

Kamvuluvulu ndi galimoto yanga, kagalimoto ka ku Mangalande kamene ndinagula kwa mzungu wina wa ku Woodlands pamene ankalongedza kubwerera kwawo. Nthawi imeneyo mwana wathu Tiza anali asanamere mano. Lero Tiza ali pasukulu, mano oyamba aja anaguluka kale, galimoto sinasunthe. Anthu a muno m'Kabwata akamalozera mlendo njira amati, "Mukafika pali motoka yakufa, mukhotele kumanzele."

Sinafe. Ikudikira.

Vuto labwera ndi tiyi wam'mawa. Amake Tiza aika kapu patebulo mofatsa kwambiri, ndipo ine ndimadziwa kuti akafatsa chotero kumwamba kwada.

"Ba shi Tiza, mvelani bwino. Pa Sata tiyenda ku Chelstone na iyi motoka yanu. Ikakana, pa Sondo nkhuku zanga zizangena mukati. Nalema kusunga nkhuku mu kicheni."

Sanakweze mawu. Anthu okweza mawu amasintha maganizo. Awa sasintha.

Loweruka limeneli si Loweruka wamba. Akazi anga ndi Abemba, ndipo makolo awo akundichitira mwambo umene iwo amati ukwingisha. Mkamwini akasunga bwino mwana wa eni kwa zaka zambiri, amamulowetsa m'nyumba ya apongozi, amadya nawo mbale imodzi, ndipo kuyambira pamenepo amayankhula nawo maso ndi maso. Tsikulo lisanafike, ayi. Kwathu ku Katete nafenso timapatuka panjira tikaona apongozi, koma awa ulemu wawo ndi wina. Chikwatire sindinayankhulepo ndi bambo a mkazi wanga. Ndimawadziwa ndi chifuwa chawo, akamatsokomola kuseri kwa khoma.

Tsono apongozi omwewo ndiwo ali ndi makina osemera zitsulo. Anakalambira ku migodi ya ku Kitwe, ndipo atapuma ntchito anabwera ndi makina akale amene kumigodiko anawataya. Ali m'kashedi ku Chelstone.

Chatsala pa Kamvuluvulu n'chochepa. Injini ndinaimanga kale. Kabureta yake yaing'ono ija, chosakanizira petulo ndi mpweya, ndinasinthanitsa ndi matayala. M'malo mwake ndili ndi makabureta awiri akuluakulu a galimoto ya mpikisano imene inagubuduzika ku Kabulonga. Awiri ndiye kuti liwiro. Koma pakamwa pa makabureta ndi pakamwa pa injini sipakumana. Pakufunika timapaipi tiwiri ta aluminiyamu, tatifupi, tokhala ndi milomo yomangira mabawuti. Ine ndimatitcha makosi. M'masitolo a mu Cairo Road mulibe. M'masitolomo mulibe ngakhale sopo.

Pulani yanga:

Lachiwiri, kutumiza muyeso.
Lachitatu, kulandira makosi.
Lachinayi, kumanga.
Lachisanu, kuyesa pamsewu wa Burma.
Loweruka, kufika ku Chelstone anthu akutuluka m'nyumba kudzaonerera.

Papepala zikuoneka bwino. 

Lachiwiri

Mawu opita kwa apongozi amadzera mwa ankhoswe, amene iwo amati shibukombe. Anga ndi Ba Chileshe, telala wa pamsika wa Kabwata. Munthu wabwino, woimba kwaya, amene sanatsegulepo boneti chibadwire.

Afika m'mawa, tepi ili m'khosi. Ndawapatsa pepala limene ndajambulapo khosi ndi manambala ake onse. Aliyang'ana ngati ndawapatsa njoka.

"Awe, ba shi Tiza. Bapongoshi sitibapasa pepala monga samoni ya ku koti. Nizakamba na pakamwa."

Ndati ndiye anyamule kabureta imodzi, apongozi akayeze okha. Ainunkhiza n'kuibweza. M'chikwama mwawo akuti muli diresi ya mkwatibwi wa eni, ndipo mwana wa eni sangakalowe m'tchalitchi akununkha petulo. Kunena zoona mtima wanga wakhala pansi pang'ono. Panjira pali asilikali ofufuza katundu, ndipo telala wonyamula kabureta ya mpikisano angamufunse mafunso amene sangawayankhe.

Choncho avula tepi yawo, ayeza pakamwa pa kabureta monga amayezera khosi la malaya, atsinzina, anong'ona manambala. "Nagwila," akutero. Apita kukakwera basi.

Ku ofesi lero sindili bwino. Ntchito yanga ndi yosunga mafayilo, ndipo fayilo ya anthu opuma ntchito ndaiika mu kabati ya maliro. Abwana andifunsa ngati ndili ndi malungo.

Masana ndadutsa pa shopu ina ya zitsulo kuseri kwa njanji. Kungoyang'ana basi. Ndaima pakhomo, ndamva kulira kwa makina, ndabwerera. Apongozi atamva kuti mkamwini wawo wapita ndi chitsulo kwa mlendo, sabata yomweyi ya ukwingisha, ndingalowe m'nyumba iti?

Madzulo Ba Chileshe abwera ndi yankho. Apongozi akondwa. Ali ndi mtanda umodzi wa aluminiyamu, wautali ngati mkono, umene anabwera nawo kuchokera ku Kitwe ndipo akhala akuusungira tsiku lalikulu.

"Bakamba ati ni yanu," akutero Ba Chileshe.

Zandikhudza. Zandiopsanso. Mtanda ndi umodzi.

Lachitatu

Makosi afika!

Ba Chileshe awabweretsa okutidwa ndi kansalu koyera, awapereka ndi manja awiri. Ndatsegula. Makosi awiri, osalala, onyezimira, ndikudziona nkhope. Milomo yake apongozi aipala mpaka chala chikungotsetsereka. Ndaomba m'manja kuyang'ana ku Chelstone. Chinthu chokongola chotere sindinakhale nachopo.

Ndathamangira kuseri. Ndaika khosi pa kabureta.

Kabureta ikusambira. Ikukhala ngati phazi la Tiza mu nsapato yanga. Mabowo a mabawuti sakuonana ndi anzawo ngakhale patali. Ndatembenuza. Ndayesa khosi linalo. Ndapukuta maso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndafunsa Ba Chileshe, mwaulemu, kuti anakanena chiyani kwa apongozi.

"Inchi imozi na hafu, monga ninapimila. Ninaikilako chabe ka kota ka msoko."

"Ka chiyani?"

"Ka msoko. Chilichonse umasiyako pang'ono. Ikakula tizabweza."

Akunena ndi nkhope yowala, ngati munthu amene wandichitira chifundo osandiuza. Moyo wake wonse sanadulepo chinthu ndendende, poti ana amakula ndipo akuluakulu amanenepa. Ndawauza kuti injini sinenepa. Akuti sindikudziwa za mawa.

Akuluakulu ananena, kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma akuluakulu omwewo ndiwo anandiletsa kupita ndekha.

Tsono ndibweze bwanji? Ndafunsa amake Tiza ngati pali njira yaulemu youzira bambo awo kuti makosi akula. Asiya kusenda anyezi.

"Batata sibalakwisa. Ndipo sabata ino simuzakamba ati balakwisa."

Ndakhala pa njerwa, ndaganiza mpaka tiyi wazizira. Uthenga umene ndapanga ndi uwu: makosi ndi okongola kwambiri moti ndikuopa kuwadetsa. Awa akhale a pa Lamulungu. Ndikupempha ena awiri, ocheperako, a masiku wamba. Ba Chileshe avomereza nthawi yomweyo. Akuti munthu wanzeru amakhala ndi masuti awiri.

Pokatseka boneti ndaona mpukutu wa waya wa khola utatsamira khoma. Dzulo panalibe.

Lachinayi

 

Lero telala sayeza kanthu. Amake Tiza akupita ku Chelstone kukathandiza zophikaphika za Loweruka, ndipo mwana amaloledwa kuyankhula ndi bambo ake. Manambala sindiwapatsa. Manambala amakula panjira. Ndatenga ulusi wawo wolukira majuzi, ndauzunguliza pakamwa pa kabureta, ndadula ndi lezala pamene nsonga zakumana. Ulusi sunama.

"Mukangopereka basi," ndawauza. "Osaukoka. Osaunyowetsa."

"Nimaluka kuchokela nikali mwana," akutero. "Simuzaniphunzisa ulusi."

Tsiku lonse ku ofesi ndikungoona ulusi uja m'basi, anthu akupanikizana. Ndikuuona ukugwa pansi. Ndikuona kondakitala akuuponda.

Zimene ndachita poweruka kuti nthawi ipite:

Ndapopa matayala.
Ndatsitsa Kamvuluvulu pa njerwa. Pansi pake ndapeza mbale ya Tiza imene inasowa kalekale, ndi buluzi wakufa.
Ndaima pamzere wa petulo ndi chigubu. Ndapeza.
Ndasuntha waya wa khola uja, ndauika kuseri kwa chimbudzi.

Amake Tiza afika dzuwa likulowa, akumwetulira. Pobwera anapeza mzere pasitolo ina, anaima osadziwa kuti ndi wa chiyani, ndipo unali wa sopo. Apeza mtanda wathunthu. Auika pamwamba pa kabati ngati chikho cha mpira. Kenako atulutsa kansalu koyera.

Makosi ena awiri. Okongola kuposa oyamba. Aang'ono.

Aang'ono kwambiri. Kabureta ikanapuma ndi makosi amenewa ikanakomoka. Mabowo a mabawuti nawo athawira m'kati.

Ndapempha kuona ulusi. Autulutsa pa mfundo ya chitenje. Uli ndi timfundo tiwiri, kumutu ndi kumchira, tomangidwa bwino, kawirikawiri.

"Ulusi ngati sunamange kumapeto umasosoka," akutero. "Mwenze kufuna nifikise vinyalala kuli Batata?"

Timfundo tadya ulusi. Apongozi ayeza chimene chatsala.

 Ndatenga tupa, ndapita kuseri, ndayesa kukulitsa mabowo ndekha. Khosi limodzi lang'aluka m'manja mwanga. Ndalibisa m'thumba ngati mwana amene waswa kapu.

Pa chakudya amake Tiza andiuza zinthu ziwiri. Choyamba, mtanda wa aluminiyamu watsala wokwanira makosi awiri okha. Chachiwiri, "Batata bafunsa ati muli na mamotoka angati."

Waya wa khola wabwerera pamalo pake. Pambali pake pali misomali.

Lachisanu

Nzeru yabwera ndikumeta ndevu, ndipo ndadzicheka nayo. Gasiketi!

Makabureta aja anabwera ndi gasiketi yake yakale, kachikatoni kamene kamakhala pakati pa zitsulo ziwiri kuti mpweya usadutse. Ili ndi bowo lenileni la pakamwa ndi mabowo enieni a mabawuti. Siyikula, siyimangidwa mfundo, ilibe msoko. Yakhala pamwamba pa kabati nthawi yonseyi ine ndikutumiza matepi ndi maulusi.

Ndathamangira kumsika. Ba Chileshe ainunkhiza, aivomera. Aiika m'buku lawo la nyimbo.

"Mukanene kuti chimodzimodzi," ndawauza. "Osawonjezera. Osachotsa. Chilichonse chimene chili apa chikhale pa chitsulo."

Ndawabwerezetsa mpaka anthu odikira mathalauza ayamba kutiyang'ana. Chifukwa cha makosi achitatu sindinachiganize. Ba Chileshe akuti anena kuti ndi a paulendo.

Ku ofesi ndapempha kuweruka masana, ndati m'mimba. 

Ndakhala pakhonde. Ndaimirira. Ndapukuta galasi la Kamvuluvulu limene ndapukuta kale. Nkhuku imodzi yatuluka m'khitchini, yazungulira galimoto, yasuzumira pansi ngati munthu wofuna nyumba ya lendi. Ndaigenda.

Ba Chileshe afika dzuwa litapendeka. Ndatsegula kansalu. Ndaika khosi pa kabureta. Lakhala! Bawuti yoyamba yalowa. Yachiwiri yalowa. Zonse zalowa ngati zinabadwira momwemo. Ndafuna kukumbatira telala.

Kenako chala changa chagwera m'kampata.

Pa mlomo wa khosi, m'mbali, pali kampata kokhala ndi timano. Khosi linalo chimodzimodzi. Kosemedwa bwino, kopalidwa, kosalala. Ndatenga gasiketi m'buku la nyimbo. Pamalo omwewo khoswe anailuma ili pamwamba pa kabati. M'mawa sindinaone chifukwa cha changu.

"Bakamba ati iyi yabavuta maningi," akutero Ba Chileshe. "Makamaka pa tumeno."

Ndinati chilichonse. Apanga chilichonse.

Pa kampata kameneko injini izikoka mpweya wakuba, wosadzera mu kabureta. Aluminiyamu yatha. Mawa ndi Loweruka. Ndakhala pansi m'fumbi, manja ali lende, ndipo ndili ndi mantha enieni, a mtundu umene unkandigwira pa mayeso.

Zimene ndili nazo: chubu chakale cha njinga, waya, ndi nzeru ya madalaivala a malole, amene amamata thanki yodontha ndi sopo.

Amake Tiza ali kwa aneba kukamanga tsitsi. Ndayang'ana pamwamba pa kabati. Mtanda wa sopo wandiyang'ananso. Ndadula ngodya imodzi yokha, ndautembenuza kuti bala liyang'ane kukhoma.

Ndamata timipata. Ndakulunga chubu. Ndamanga waya. Ndathira petulo. Ndapotokola kiyi.

Kamvuluvulu watsokomola kawiri, kenako wabangula. Mapapaya agwedezeka. Nkhuku zabalalika m'khitchini. Ana a m'Kabwata yense athamangira kumpanda, ndipo a tcheyamani a chipani a m'dera lathu atuluka m'nyumba lamba ali m'manja, akuganiza kuti adani afika. Ine ndaima pamenepo misozi ikulengeza. Sindichita nazo manyazi.

Amake Tiza abwera tsitsi lili theka. Ayenda mozungulira galimoto. Aweramira pa injini, akoka mpweya.

"Motoka yanu inunkhila bwino," akutero. Alowa m'nyumba.

Akudziwa.

Loweruka

Suti yavalidwa. Anasoka ndi Ba Chileshe, ndiye manja ake akufika m'zikhadabo. Amake Tiza ali mu chitenje chatsopano, mpando wakutsogolo. Ba Chileshe kumbuyo, buku la nyimbo pamiyendo. Tiza anagona kale kwa agogo ake.

Kiyi kamodzi. Wadzuka!

Tatuluka pageti. Pamene Kamvuluvulu anali pangotsala njerwa ndi udzu woyera. Pamsika amayi ogulitsa tomato aimirira. Wina wafuula kuti motoka yakufa yauka. Ndawaimbira hutala.

Pamsewu wa Burma ndaponda pang'ono. Mayo ine, makabureta awiri! Mitengo ikuthawira kumbuyo. Tapitirira basi yodzaza anthu, nkhope zonse zili pawindo. Ba Chileshe ayamba nyimbo ya maliro chapansipansi. Ndacheuka, ndaona amake Tiza agwira mpango kumutu ndipo akuseka, kuseka kwenikweni, kwa masiku aja tisanakwatirane. Chimenechi ndachiona ndi maso anga ndipo palibe adzandilande.

Kenako kaphokoso, ngati ketulo ikuwira.

Injini yatentha. Sopo wasungunuka. Kamvuluvulu wayamba kuthamanga yekha phazi langa lili m'mwamba, wabwebweta, wameza chubu cha njinga, ndipo pansi pa boneti pamveka phuu, ngati wina wamenya mgolo ndi nyundo. Utsi. Fungo la mphira ndi la zochapa.

Taima m'mbali mwa msewu. Ku Chelstone n'kutali. Ngakhale msewu waukulu wopita kum'mawa sitinaufike.

Ndatsegula boneti, kalawi kakang'ono kakuvina pa waya. Ndikanakazima ndi jekete. Koma anyamata a chipani amene anali pa siteji ya basi afika akuthamanga ndi mchenga wodzaza manja, athira m'makabureta onse awiri, mpaka pakamwa. Atatha andifunsa khadi la chipani. Ndawaonetsa. Ndawathokozanso.

Basi ija yadutsa. Kondakitala wandibayibitsa.

Amake Tiza atsika, akonza chitenje, aimitsa lole ya makala. Takwera pamwamba pa matumba. Tafika ku Chelstone ng'oma zitatopa kale, atatu tonse tili bii, mano okha kuyera.

Za mwambo ndikukumbukira mwa apo ndi apo, mutu unali ku msewu wa Burma. Amayi oimba. Nthungululu. Apongozi aakazi kundisambitsa m'manja, madzi kusanduka inki. Kundilowetsa m'nyumba imene zaka zonsezi ndakhala ndikuthera pakhonde pake. Kundionetsa chipinda ndi chipinda. Kenako mphasa, mbale ya nkhuku ndi chikanda, ndipo tsidya la mbaleyo, apongozi.

Ndi munthu wochepa thupi. Sindinkadziwa. M'maganizo mwanga anali wamtali ngati chitseko. Titatambasula manja m'mbale ndaona zala zawo. Zipsera za moto, zikhadabo zakuda m'mbali, zimene sopo sachotsa. Ngati zanga.

Tadya. Anthu onse akudikira mawu oyamba a apongozi kwa mkamwini. Atsokomola chifuwa chija ndimachidziwa.

"Tata, nifunseko. Ni motoka ya mutundu bwanji ili na makosi sikisi?"

Ndawauza zonse. Msoko, timfundo, khoswe, sopo, mchenga. Aseka mpaka apongozi aakazi awamenya pamsana. Ba Chileshe akuyang'ana kudenga. Kenako nkhalamba yapukuta maso.

"Ninaziba kuchokela pa Chibili," akutero. "Kulibe kabuleta ya saizi ija pa chalo. Na ija ya khoswe, ninaona ati uyu ni khoswe. Manje mupongoshi sumufunsa ati wapenga. Nenze kusema chabe, mutima ubaba."

Ndafunsa chifukwa chake sanatumize mawu. Akuti anafuna, koma Ba Chileshe anawauza kuti mkamwini wakondwa kwambiri. Ine ndinkaopa kuwanyoza. Iwo ankaopa kundinyoza. Aluminiyamu ya ku Kitwe yathera pakati pathu.

Andigwira dzanja, anditengera kukashedi. Makina aja ali pamenepo, akale, opakidwa mafuta, pansi pali zopalapala zonyezimira za sabata yonse.

"Nili na bana bakazi bekabeka," akutero, osandiyang'ana. "Zaka zonse izi nimvela chabe ati mwamuna wa mwana wanga akonda vinsimbi. Nenze kuyembekeza."

Ndaika dzanja pa makina aja. 

Lole ya makala yomweyo yakoka Kamvuluvulu kubwerera ku Kabwata ndi chingwe. Pamsika palibe waimirira.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinamve ulaliki.

Titabwerako amake Tiza avula za ku tchalitchi, amanga chitenje chakale, atenga waya ndi misomali. Sanandikumbutse kanthu. Ndatulutsa mpando wakumbuyo ndekha. Iwo akukhoma, ine ndikugwira misomali. Pangano ndi pangano. Za sopo angonena kamodzi, kuti mtanda wotsatira ndikaimira ndine pamzere.

Nkhuku zalowa mosakakamiza. Tambala wakwera pa chiwongolero.

Masana wina wagogoda pageti. Apongozi! Okha, pa basi, jekete ya Lamulungu. Moni wawo wachidule. Apita molunjika kuseri ngati munthu amene akudziwa njira, atulutsa m'thumba choyezera chawo chachitsulo, chokhala ndi nsagwada ziwiri. Ayeza pakamwa pa kabureta. Ayeza pa injini. Zatha ndisanamalize kuwapatsa mpando.

"Nchito ya kuseni chabe," akutero. "Ngati kwenze aluminiyamu."

Kenako amasula mapulagi, asuzumira m'kati, azungulitsa injini ndi dzanja. Ikulira ngati mphero ikugaya miyala. Pisitoni imodzi yabowoka. Zinazo zadya mchenga wa chipani.

"Aya mapisitoni mu Zambia mulibe, tata."

Ndikudziwa. Ndinkangofuna wina anene.

Ayang'ana nkhuku, ayang'ana kukhitchini kumene mwana wawo akuimba, atsitsa mawu. "Anatengela bamai bake. Naine niliko na motoka ku Kitwe. Muli nkhunda."

Takhala pa mpando wakumbuyo uja, pansi pa mpapaya. Takamba za zitsulo. Za makina a kumigodi, za chifukwa chimene mabawuti a ku Mangalande amakanira manati a ku Japani, za chala chimene anatsala pang'ono kuchitaya. Amayankhula kwambiri, munthuyu. Zaka zonsezi ndimayesa ndi wachete. Tiyi wabwera, wazizira, wabweranso wina.

Makosi onse ndawandanda pansi kuti awaone: a Lamulungu, a masiku wamba, a paulendo. Limodzi long'aluka lija ndalitulutsanso. Sanakwiye. Akuti tupa ndimagwira ngati khasu.

Dzuwa litapendeka thadzi lalira m'galimoto. Ndatsegula chitseko. Dzira, pa mpando wa dalaivala, lotentha. Ndabwera nalo, ndasowa poika kuti lisagubuduzike. Ndaliika pa khosi la Lachitatu, lija la msoko.

Lakhala ndendende. Osagwedera, osagwera m'kati.

Apongozi aliyang'ana nthawi yaitali. Atulutsa choyezera, ayeza dzira, ayeza khosi, agwedeza mutu.

"Mukabauze Ba Chileshe," akutero. "Saizi yenze bwino."

Mawa ndipita kukaima pamzere wa sopo. Anthu olozera alendo njira sasintha kanthu, galimoto ili pomwe inali. Angowonjezera kuti muli nkhuku.